Abale ake a Lu Xun: wina anafera m'khitchini, wina anakhala bwanamkubwa

Funso: Ndine mphunzitsi wa kusekondale ndipo ndimakonda nkhani za Lu Xun. Ndinamva kuti anali ndi ang'ono ake awiri, wina anagulitsa dziko, wina anali munthu wamkulu m'boma. Kodi ndi zoona? Ana a mimba imodzi angasiyane njira chotere bwanji?

Aphunzitsi, zimene munamvazo ndi zoona, koma anakufupikitsirani kwambiri. Ku China, kwawo kwa wolemba nkhani wotchukayu, nkhaniyi anaiphunzitsa choncho kwa zaka zambiri: wamkulu ndi ngwazi, wachiwiri ndi chigawenga, wachitatu ndi mwana wabwino. Ine sindikhutira nako kufotokoza kumeneku, ndiye mundilole nditenge nthawi.

Tiyambire pa maina, chifukwa amasokoneza. Lu Xun ndi dzina lolembera chabe, ndipo "Lu" analitenga kwa amayi ake, a Lu Rui. Dzina lake lenileni ndi Zhou Shuren, wobadwa mu 1881 mumzinda wa Shaoxing, m'chigawo cha Zhejiang. Womupondera pamutu ndi Zhou Zuoren, wa 1885, kenako Zhou Jianren, wa 1888. Ku China dzina la banja limayamba, ndiye Zhou ndilo mfunda wawo. Panali ana ena awiri amene sanakule. Mlongo wawo Duangu anamwalira ndi nthomba asanakwanitse chaka, ndipo mzime, Chunshou, anamwalira mu 1898 ali ndi zaka zisanu. Amayi awo analibe chithunzi cha mwanayo. Anaitanitsa munthu wojambula pamanja amene sanamuonepo n'komwe, iye n'kujambula mongofotokozeredwa, ndipo chithunzicho anachisunga mpaka ukalamba wawo, kusamuka nacho mpaka ku Beijing.

Banjali linali lolemera ndi lophunzira. Agogo awo aamuna, a Zhou Fuqing, anakhoza mayeso apamwamba kwambiri a mfumu n'kukhala wamkulu m'boma. Mu 1893 anagwidwa akufuna kupereka chiphuphu kwa woyang'anira mayeso, ndipo anakhala m'ndende ku Hangzhou mpaka 1901. Chuma chinayamba kutha, bambo a anawo anadwala n'kumwalira mu 1896. Lu Xun, monga chisamba, ndiye ankapita kukapinyolitsa katundu wa m'nyumba kuti agule mankhwala. Zuoren anatumizidwa ku Hangzhou kuti azikacheza ndi agogo kundende. Jianren anali wamng'ono ndiponso wodwaladwala, ankangoona.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire, chifukwa chibweranso: nkhani ya amene achoke pakhomo ndi amene atsale. Lu Xun anapita kusukulu ku Nanjing mu 1898, n'kuwolokera ku Japan mu 1902. Zuoren anamutsata phazi ndi phazi, ku Nanjing mu 1901 kusukulu ya asilikali a pamadzi, ku Japan mu 1906. Jianren nayenso ankafuna kupita, koma amayi amasiye sakanatsala okha. Akulu akewo anamupempha kuti atsale, n'kumulonjeza kuti akadzabwerako sadzagawana chuma, zonse zimene adzapeze adzadyera limodzi. Anatsala. Anadziphunzitsa yekha za zomera, popeza zomera zili paliponse ndipo sizifuna zipangizo zodula, n'kuyamba uphunzitsi pa sukulu za pulayimale ku Shaoxing komweko.

Ku Tokyo awiri aja anali ngati chala ndi mkanda. Ankagona nyumba imodzi, kuwerenga mabuku amodzi, kumasulira limodzi. Mu 1909 anatulutsa mabuku awiri a nkhani zochokera kunja, makamaka za ku Russia ndi mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ku Tokyo lililonse linagulidwa makope pafupifupi 20 okha. Pa zilankhulo Zuoren ndiye anali katswiri: ankadziwa Chingerezi, Chijapani, ndipo anaphunzira Chigiriki chakale pa yunivesite ya Rikkyo. Chaka chomwecho anakwatira Habuto Nobuko, mtsikana wa ku Japan amene ankagwira ntchito panyumba imene ankakhala. Lu Xun anasiya zolinga zake zopita ku Germany n'kubwerera kwawo kukagwira ntchito, mwa zina kuti azitumiza ndalama kwa mng'ono wake ndi mlamu wakeyo. Zuoren anabwerera ndi mkazi wake mu 1911. Nobuko ali woyembekezera anaitanitsa mng'ono wake Yoshiko kuti adzamuthandize, ndipo mu 1914 Yoshiko anakwatiwa ndi Jianren. Ndiye onani: amuna awiri apachibale, akazi awo nawonso apachibale. Mfundo imeneyi inamanga mabanjawo mwakuti ukakoka chingwe chimodzi, zonse zimasuntha.

Anthu ambiri sadziwa kuti cha m'ma 1920 Zuoren sanali "mng'ono wake wa Lu Xun" ayi. Anali dzina payekha, ndipo ena ankamuika patsogolo. Anayamba kuphunzitsa pa Peking University mu 1917. Mu 1918, chaka chimene Lu Xun anatulutsa nkhani yake ya munthu wamisala wolemba za tsiku ndi tsiku, Zuoren anatulutsa m'magazini yomweyo, Xin Qingnian, nkhani yotchedwa Ren de wenxue, kutanthauza zolemba za umunthu. Mmenemo ananena kuti zolemba zatsopano ziyenera kulemekeza munthu payekha, kuphatikizapo mkazi ndi mwana. Anatsogolera nawo ntchito yotolera nyimbo za kumidzi ndi za ana, zimene ophunzira a nthawiyo ankaziona ngati zopanda pake. Anali m'gulu loyambitsa bungwe la olemba mu 1921. Koma chimene amakumbukiridwa nacho kwambiri ndi tinkhani take tatifupi: za kumwa tiyi, za ndiwo zakutchire za kwawo, za mabwato a denga lakuda a ku Shaoxing, za mvula. Mkulu wake ankalemba ngati akubaya ndi mkondo. Iye ankalemba ngati munthu wokhala pakhonde madzulo, mawu ozizira, koma ukawatafuna umamva kuwawa kwake pansi. Pa zonse zimene ndawerenga za nthawi imeneyo, palibe amene amamuposa pa mtundu umenewu.

Lonjezo lija lodyera limodzi analikwaniritsa. Mu 1919 anagulitsa nyumba ya makolo ku Shaoxing, Lu Xun n'kugula nyumba yaikulu ya mabwalo angapo pa nambala 11, Badaowan, ku Beijing. Onse anasamukiramo: amayi, Lu Xun ndi mkazi wake Zhu An (amene anachita kumusankhira amayi, ndipo sanakhale naye ngati mkazi wake), Zuoren ndi banja lake, Jianren ndi banja lake. Lu Xun analibe mwana nthawi imeneyo, koma anasankha malo a bwalo lalikulu kuti ana a ang'ono ake azisewera, n'kuwapatsa zipinda zabwino za kumbuyo. Ndalama za onse ankasunga Nobuko.

Nyumbayo inakhala ya onse kwa zaka zosakwana zinayi. Pa 14 July 1923 Lu Xun analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti kuyambira usiku umenewo azidyera m'chipinda mwake. Pa 19 July Zuoren anabwera ndi kalata m'manja, n'kuipereka, n'kuchoka. Sinayambe ndi "achimwene". Inayamba ndi "Bambo Lu Xun", ngati akulembera mlendo. Inati wangodziwa dzulo, zapita zapita, safuna kudzudzula aliyense popeza tonse ndife anthu omvetsa chisoni, koma chonde musadzafikenso ku bwalo la kumbuyo. Lu Xun anatuma uthenga kuti akambirane, Zuoren sanabwere. Pa 2 August Lu Xun anatuluka m'nyumba imene anagula yekha. Atabwerera mu June 1924 kudzatenga mabuku ake, Zuoren ndi mkazi wake anamutukwana ndipo zinafika pomenyana.

Chinachitika n'chiyani? Onse awiri anapita nacho kumanda. Zuoren anachita kudula ndi sizasi mawu pafupifupi khumi m'buku lake la tsiku ndi tsiku la masiku amenewo. Anzake a Lu Xun ankati gwero ndi ndalama: Nobuko ankawononga, kuitana madokotala a ku Japan pa kamatenda kalikonse, kukwera galimoto, pamene malipiro a boma ankachedwa ndipo Lu Xun ankakongola kuti pakhomo padyedwe. Mbali ya Nobuko inkati mlamu wakeyo anamuchitira zosayenera. Kwa zaka zambiri olemba a ku China anasenzetsa mlandu wonse mkaziyu, ndipo zinali zosavuta popeza anali mkazi, mlendo, komanso wa dziko limene linadzakhala mdani. Ine ndimakayikira nkhani iliyonse imene amuna awiri akuluakulu ophunzira amatuluka oyera, wolakwa n'kukhala mtengwa yekha.

Timati chibale ndi fupa, sichiola. Kwa awiriwa sichinaole ndithu, koma sichinalumikizanenso. Anapitiriza kulemba m'magazini imodzi, Yusi, osalankhulana. Mu 1925 Lu Xun analemba nkhani ya munthu amene mng'ono wake wadwala mwakayakaya, kenako n'kupezeka kuti ndi chikuku chabe, zomwe zinamuchitikiradi Zuoren mu 1917. Mu 1934 achinyamata a ndale za kumanzere atamuukira Zuoren chifukwa cha ndakatulo zimene analemba pokondwerera zaka makumi asanu, Lu Xun anamuikira kumbuyo m'makalata opita kwa anzake, kuti ndakatulozo zili ndi kudzudzula kobisika kumene achinyamatawo sakukuona. Atamwalira Lu Xun ku Shanghai pa 19 October 1936, Zuoren sanapite kumaliro.

Tsopano nkhani ya kugulitsa dziko. Mu July 1937 asilikali a Japan analanda Beijing. Peking University inathawira kum'mwera, kukafika ku Kunming, ndipo aphunzitsi ambiri anatsatira. Ulendo uno amene anatsala pakhomo anali Zuoren. Chifukwa chimene ankapereka ndi kuchuluka kwa anthu omudalira: mkazi ndi ana, amayi okalamba, mlamu wake wamasiye Zhu An, komanso Yoshiko ndi ana a Jianren. Zimenezo si bodza. Mkulu wa yunivesite, Jiang Menglin, anamupemphanso pamodzi ndi aphunzitsi ena atatu kuti aziyang'anira katundu wa sukulu. Koma anthu ena anali ndi mabanja aakulu ndipo anachoka. Mu February 1938 anapezeka pa msonkhano wokonzedwa ndi nyuzipepala ya ku Japan, ndipo olemba 18, kuphatikizapo Mao Dun, Lao She ndi Yu Dafu, anamulembera kalata yapoyera yomudandaulira kuti atuluke mumzindamo. Hu Shi, wophunzira wotchuka amene ankaphunzitsa naye pa Peking University, anamutumizira ndakatulo kuchokera ku London yomuitana kuti apite kum'mwera. Iye anayankha ndi ndakatulo yokana mwaulemu.

Pa 1 January 1939 anyamata analowa m'nyumba mwake n'kumuombera. Chipolopolo chinamenya batani la juzi, iye n'kupulumuka ndi kabala kakang'ono, koma munthu wokoka ngolo amene anali pabwalo anaphedwa. Zuoren ankati anatumidwa ndi asilikali a Japan. Patapita zaka, anthu a kagulu ka ana asukulu kosaka ogwirizana ndi adani anati anali iwo. Pasanathe mwezi anavomera udindo woyang'anira laibulale ya yunivesite imene inali m'manja mwa Japan. Kuchokera apo anangotsetsereka. Pofika 1941 anali mkulu wa zamaphunziro m'boma la kumpoto kwa China limene Japan anaika, udindo wofanana ndi nduna, mpaka 1943. Anapita ku Tokyo pa ulendo wa boma, anaperekeza Wang Jingwei, mtsogoleri wa boma limene Japan anaika ku Nanjing, ku Manchukuo, dziko limene Japan anakhazikitsa kumpoto chakum'mawa kwa China, anajambulidwa atavala yunifolomu akuyendera gulu la achinyamata.

Apa sindimubisa, aphunzitsi. Analakwa, ndipo kulakwa kwake kukukula chifukwa palibe wa ku China amene ankadziwa Japan kuposa iye, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anali atalemba yekha zodzudzula mwaukali zochita za Japan m'dziko lake. Sanganene kuti sanadziwe. Anthu mamiliyoni ankafa, iye akulandira malipiro ndi alonda kuchokera kwa owaphawo. N'zoonanso kuti mabuku a yunivesite sanawonongeke m'manja mwake, ndipo Hu Shi anachitira umboni zimenezo. N'zoonanso kuti mu 1927, Li Dazhao, mmodzi wa oyambitsa chipani cha Chikomyunizimu, atanyongedwa, Zuoren anabisa mwana wake wamwamuna m'nyumba mwake n'kumuthandiza kuthawira ku Japan. Munthu yemweyo. Mmene ndimamuwerengera ine, sanakhulupirire kuti China ingapambane nkhondo, ndipo sankatha kudziona ali kwina kulikonse kusiya chipinda chake cha mabuku ku Badaowan. Anasankha chipindacho.

Anamangidwa mu December 1945, n'kuweruzidwa ku Nanjing kuti akhale m'ndende zaka 14, zimene anazichepetsa kukhala 10. Anatuluka mu January 1949 boma la chipani cha Kuomintang, limene linamumangalo, likugwa. Boma latsopano la Chikomyunizimu silinamukhululukire, koma linaona kuti munthu wodziwa Chigiriki chakale ndi Chijapani chakale sapezeka wamba. Anamulola kumasulira mabuku, kumulipira pamwezi, dzina lake lodziwika osaoneka pachikuto. M'zaka zimenezi anamasulira masewero a Euripides ndi Aristophanes, nthano za Aesop, zokambirana za Lucian zimene iye anati ndiyo ntchito imene ankailakalaka moyo wake wonse, komanso mabuku akale a ku Japan: Kojiki ndi buku la Sei Shonagon. Analembanso mabuku ofotokoza za kwawo kwa Lu Xun ndi za anthu enieni amene ali kuseri kwa nkhani zake, pogwiritsa dzina lakuti Zhou Xiashou. Aliyense wofufuza za ubwana wa Lu Xun amadalira mabuku amenewa mpaka lero. Tangoganizani: munthu amene anathamangitsa mkulu wake, ukalamba wake akudya za kukumbukira mkulu wakeyo, ndipo akukumbukira mosamala, mosanamizira.

Nobuko anamwalira mu 1962. Mu August 1966 achinyamata a Red Guards, magulu otsatira Mao, mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, anathyola pakhomo, n'kumukwapula ndi malamba nkhalamba ya zaka 81. Anamutulutsa m'zipinda zake, ndipo miyezi yotsiriza ankagona pa matabwa m'kakhitchini. Anafera momwemo pa 6 May 1967. Buku la mbiri ya moyo wake linatuluka ku Hong Kong mu 1970, ndipo kwawo zolemba zake zinayamba kusindikizidwanso m'zaka za m'ma 1980.

Za Jianren anthu amanena zochepa, ndipo mwina n'chifukwa chake amaoneka woyera. Ku Badaowan iye ndiye anali wopanda digiri ndi wopanda malipiro, wodya za akulu ake. Mu 1921 anamupezera ntchito ku Shanghai, ku kampani yosindikiza mabuku ya Commercial Press, ndipo anakhala mkonzi kumeneko zaka zoposa makumi awiri. Analemba mabuku a sukulu a za zomera ndi zinyama, tinkhani ta sayansi tomveka kwa munthu wamba, komanso nkhani zolimba mtima za ufulu wa akazi ndi za ukwati. Pambuyo pake anamasulira, pamodzi ndi Ye Duzhuang ndi Fang Zongxi, buku la Darwin lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo. Kwa munthu amene anadziphunzitsa yekha potola masamba m'mapiri a ku Shaoxing, imeneyi ndi ntchito yoti tiivulire chipewa.

Lu Xun atasamukira ku Shanghai mu 1927, awiriwa anayandikana kwambiri. Loweruka banja la Jianren linkakadya kwa mkulu wake. Ena mwa mawu omaliza m'buku la tsiku ndi tsiku la Lu Xun, a pa 17 October 1936, akuti usiku kunabwera mng'ono wachitatu. Ngati munawerenga kankhani ka Lu Xun ka munthu amene anapondaponda kaiti ya mng'ono wake ali ana, n'kudzapepesa atakula koma mng'onoyo osakumbukira chilichonse, anthu ambiri amati mng'onoyo ndi Jianren, ndipo iye mwini ankati sakukumbukira kuti zinachitika.

Koma ku Beijing anasiya mkazi ndi ana atatu. Yoshiko sanamutsatire ku Shanghai, anatsala ndi mkulu wake Nobuko. Jianren anayamba kukhala ndi Wang Yunru, amene kale anali wophunzira wake, n'kubereka naye ana aakazi atatu. Kumayambiriro kwa 1937 anapita ndi banja latsopanoli ku Badaowan pa phwando la amayi ake la zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo kunabuka mkangano woopsa ndi Yoshiko ndi mwana wawo wamkulu wamwamuna. Kuyambira pamenepo anadula ubale ndi ana a ku Beijing. Amene anawalera ndi Zuoren. Mu 1941 mwana wamng'ono, Fengsan, mnyamata wa zaka 19, anadziombera m'nyumba ya ku Badaowan ndi mfuti ya mlonda wa Zuoren. Bambo ake anali ku Shanghai kumbali yokana Japan, bambo ake aakulu omulera anali nduna ya Japan, amayi ake anali a ku Japan. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, mwana ameneyu ndiye amandikhala pamtima.

Pa nkhondo Jianren anaima bwino. Anakhala mu umphawi ndi matenda ku Shanghai osagwirira ntchito adani. Mu December 1945 anayambitsa nawo, pamodzi ndi Ma Xulun ndi ena, bungwe lolimbikitsa demokalase lotchedwa mwachidule Minjin, ndipo mu 1948 analowa chipani cha Chikomyunizimu. Kenako maudindo anangotsatana: wachiwiri kwa nduna ya maphunziro apamwamba, bwanamkubwa wa chigawo chakwawo cha Zhejiang kuyambira 1958, wachiwiri kwa wapampando wa komiti yaikulu ya nyumba ya malamulo, wapampando wa Minjin kuyambira 1979. Anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 95. Tinene chilungamo: Mao anali atamutcha Lu Xun woyera mtima wa China yatsopano, ndipo kukhala mng'ono wa munthu wotere kunali chishango. Mphamvu zenizeni m'chigawo zinali kwa mlembi wa chipani, osati kwa bwanamkubwa. Chishango chomwecho sichinamufikire Zuoren. Mwana wa Jianren, Zhou Ye, analemba kankhani kokumbukira bambo ake aakulu a Lu Xun kamene ana a pulayimale ku China akhala akuwerenga m'kalasi kwa mibadwo, ndipo ndi iyenso amene analemba zimene bambo ake ankamufotokozera za kugwa kwa banja la ku Shaoxing.

Kuyambira 1949 abale awiri otsalawo ankakhala mumzinda umodzi wa Beijing, kupatula zaka za Jianren ku Zhejiang, koma sankayenderana. Jianren ali wokalamba kwambiri analemba za tsiku limene anakumanizana mwangozi mu ofesi yoona za mabuku a sukulu, boma latsopano litangoyamba. Onse anaima. Zuoren, atakalamba ndi ndende, anamukumbutsa kuti paja munandilembera kalata yondiuza kuti ndibwere ku Shanghai. Jianren anavomera kuti inde, ndinkafuna mutatero. Zuoren anadandaula pang'ono za anthu amene anawadyetsa koma osamuyamika, ndipo anasiyana pomwepo. Sanaonanenso.